Mmene Ndinamwera Mapepala a Abusa

Abale anga, mtendere wa Ambuye ufike pa mabenchi onsewa, mpaka kumbuyo uko kumene mwakhala inu obisala. Ndikukuonani. Inenso malo anga anali omwewo, pafupi ndi chitseko, kuti fungo lizituluka lisanafike kwa akulu a mpingo. Dzina langa ndine Kaitano. Mundilole ndiyankhule chokhala, mawondowa anathera m'njira nthawi ya nkhondo.

Ena mwa inu munamwera ng'ombe, ena njinga, ena malata a nyumba. Ine ndinamwera mapepala. Sekani, palibe kanthu, ndinazolowera. Koma mapepalawo sanali anga, ndipo zimene zinalembedwamo zinali misozi ya anthu.

Ndili mnyamata, nthawi ya Apwitikizi, ndinaphunzira kumenya makina olembera ku sekeretariya, ofesi ya boma ya ku Furancungo. Zala zonse zinkagwira ntchito, maso ali kwina. Nkhondo itayamba kuyandikira dera la Macanga ntchito ya m'maofesi inazilala, ine n'kumangothandiza pa tchalitchi pathu, kulemba makalata a ubatizo ndi zina zotero. Kumwa ndinkamwa kale, koma kwa ulemu, Loweruka lokha, monga mmene tonsefe timayambira.

Mbusa wathu anali Abusa Gidiyoni, munthu wokalamba amene anaphunzira zaumulungu kutsidya kwa malire. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Nkhani imene inkawasowetsa tulo inali iyi. Anthu ankatengedwa ndi zigawenga zimene tinkati a kutchire, ena ankaponda mabomba kutali, mitembo osaoneka. Abale akadikira n'kutopa, ankadula thunthu la nthochi, kuliveka zovala za munthuyo, n'kuliika m'manda kuti maliro athe. Akulu a mpingo anati chimenecho n'chikunja, ndipo aliyense wochita zotero ankamuletsa mgonero. Abusa ankati ayi, mayi amene waika malaya a mwana wake sanapembedze fano, wangolira. Koma pa msonkhano mawu awo ankangouluka ndi mphepo.

Tsiku lina anandiitana. "A Kaitano, akulu athuwa saopa pakamwa, amaopa chosindikizidwa. Ku Ulaya kuli revisita ya aphunzitsi a zaumulungu, buku lotuluka kangapo pa chaka. Akufuna nkhani za mipingo ya m'mayiko a nkhondo. Ine ndalemba, koma ndi pensulo, ndipo mizere yanga ikukwerana. Inu mundimenyere pa makina."

Anali atayenda m'midzi kumvetsera amayi ndi abambo oferedwa, n'kulemba mawu awo m'makope a ana asukulu. Maganizo awo analemba m'Chipwitikizi, koma mawu a anthu anawasiya m'Chichewa chathu, kumasulira kwake pansi. Ndipo a revisita aja anatumiza malamulo awo. Abale, anthu ophunzira ali ndi miyambo kuposa ya pa ukwati. Ulembe mbali imodzi yokha ya pepala. Pakati pa mzere ndi mzere udumphe mzere wina. M'mphepete monse usiye malo oyera, kumanzere zala zitatu, kuti owerenga azilembamo zokonza. Mawu a munthu wina alowe m'kati pang'ono, aime paokha. Kumene wawatenga ulembe pa kanota ka pansi pa tsamba lomwelo, ndi nambala yake. Dzina la wolemba likhale pa tsamba loyamba lokha, kuti oweruza nkhani asadziwe mwini wake. Ndipo zitumizidwe ziwiri, yapamwamba ndi kopya ya kimiko, ija imatuluka pa pepala lopyapyala ukaika lakuda pakati.

Ine nditawerenga ndinadandaula. M'maloja, m'masitolo muja, munalibe sopo, munalibe mchere, ana asukulu ankalemba pansi ndi chala, ndiye ife tizisiya theka la pepala loyera? Abusa anatsegula bokosi lawo lachitsulo n'kutulutsa mtolo wa mapepala umene anausunga kuyambira kale. Anaupereka m'manja mwanga pamodzi ndi makope aja, kuti ndikagwirire kunyumba. Namwino wina wa pa chipatala anali atalonjeza kuti akanyamula phukusilo pa koluna yomaliza, magalimoto aja oyenda ndi asilikali, mvula isanatseke msewu.

Tsopano mumve mmene munthu amatsetserekera. Kuseri kwa msika kunali mayi wina wotcheza kachasu. Ndalama nthawi imeneyo inalibe ntchito, panalibe chogula. Koma asilikali ankavutika ndi chopichira fodya, makoko a chimanga ankawakanda pakhosi. Munthu wobwera ndi pepala anali mfumu. Asilikali ankapatsa mayi uja shuga ndi mchere posinthana ndi pepala, iye n'kumatipatsa ife a mapepala botolo.

Ndinayamba ndi makope a pensulo. Ndinati awa ndamenya kale, atsala ndi ntchito yanji? Atatha, ndinayang'ana malo oyera a m'mphepete aja. Ndinatenga regwa, kathabwa kojambulira mizere kaja, ndi lumo n'kudula kachala kamodzi kokha. Ndani angaone? Timizere timeneto tinkakwana bwino ndudu imodzi imodzi, mayi uja mpaka anandiyamikira kuti ndimadula mwaluso. Sabata yotsatira ndinadula chala chachiwiri, kenaka chachitatu, kenaka pamwamba ndi pansi. Ndiye ndinafika pa kopya ya kimiko. Pepala lake lopyapyala lija asilikali ankalikonda koposa, ankachita kulimbirana. Ndinadziuza kuti azungu ali ndi makina ambiri, akakopera okha. Kopya itatha, mapepala osalemba nawonso atatha, ndinayamba kusolola masamba a pakati pa nkhani yeniyeniyo. Ndinkasankha a pakati chifukwa ndinkati munthu amaona koyamba ndi kothera.

Mkazi wanga, a Nambewe, amene akhala apo ndi mpango wobiriwira, anandifunsa kangapo. "Bambo a Rozita, makinawa bwanji sakulira masiku ano?" Ine n'kumati fita, kansalu ka inki kaja, yauma, ndikudikira ina. Abusa akafunsa ndinkati zikuyenda bwino, Abusa, zatsala pang'ono. Ndinafika pogona m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, ana a Sande sukulu amene ndinkawaphunzitsa nyimbo akundilumpha. Manyazi ndinali nawo, musaganize kuti chidakwa chilibe manyazi. Kungoti manyaziwo ndinkawathiranso kachasu.

M'mawa wa tsiku la koluna ndinasamba, n'kutafuna masamba a bulugamu, n'kuika zotsala zija mu envelopu. Nzeru yanga inali yakuti ndimate msanga, phukusi lipite, zikadziwikire ku Ulaya. Ndinawapeza Abusa atakhala pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo. Kumunsi kumsewu magalimoto anali atayamba kale kulira.

"Musamate, a Kaitano. Bweretsani ndimugwireko mwana wathuyu asananyamuke."

Ndinapereka. Anasolola mapepala aja n'kuwaika pa mawondo. Poyamba anawakweza m'manja ngati mmene mayi amayesera nkhuku pa msika. Kenaka anatembenuza tsamba limodzi n'kuyendetsa chala kumbuyo kwake. Makina akamenya amasiya timabowo ndi tinthu totupa, ndiye munthu wosaona amatha kumva pamene zilembo zayambira. Chala chawo chinangochoka m'mphepete n'kugunda zilembo pomwepo. Anayesa kumanja, chimodzimodzi. Anayesa tsamba lina.

"Zala zitatu zija zili kuti?"

"Chiswe, Abusa. Chinalowa m'bokosi."

"Chiswe cha kwanu chimadya ndi regwa?"

Iwo anapitiriza kusisita mapepala aja pang'onopang'ono.

"Chabwino. Ndiwerengereni pamene pali mayi Nashawa."

A Nashawa anali mayi wamasiye wa mu mpingo mwathu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dumingu, anatengedwa akuchokera kusukulu, ndipo iwo anali oyamba kuletsedwa mgonero chifukwa cha thunthu la nthochi. Mawu awo ndiwo anali mtima wa nkhani yonse. Ndinatembenuza masamba ndikudziwa kale kuti palibe. Tsamba limenelo ndinali nditalipereka Lachiwiri lapitalo. Ndiye ndinagwira tsamba lina lililonse, n'kuyamba kupeka za m'mutu, mawu okoma a m'tchalitchi, akuti Mulungu anapatsa Mulungu watenga. Abusa anamvetsera mpaka ndinathera mpweya.

"Sanatero mayi aja," anatero motsitsa. "Mayi aja anakalipira Mulungu. N'chifukwa chake ndinawalemba."

Namwino uja anafika pa mpanda, chikwama chili paphewa, n'kufunsa ngati phukusi lakonzeka. Abusa anati, "Pitani bwino, mwana wanga, ife sitinathe." Tinakhala pakhonde paja kumvetsera magalimoto akutsika phiri mpaka phokoso linazimirira. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna kuti atero, chifukwa munthu akakukalipira umapezako poyambira kudziteteza. Koma iwo anangopuma mozama.

"Ndatopa, a Kaitano. Ndilibe mphamvu ya kukwiya. Kwa ine musapepese, maganizo anga ali m'mutu muno, ndikhoza kuwanenanso. Koma mawu a mayi aja si anga ndipo si anu. Pitani mukawauze nokha chimene mwachita nawo."

Abale, ndinayendapo pakati pa mitembo, koma ulendo umene unandilemera kuposa yonse ndi wa kumunda kwa a Nashawa masana amenewo. Ndinawapeza akukumba mbatata ya kachewere. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere n'kunena zonse, popanda chiswe. Anaimika khasu.

"Ndiye mwati anasuta ndani?"

"Asilikali, mayi."

"A mfuti ananditengera mwana. A mfuti andisutiranso dzina lake." Anatsamira pa khasu lija. "Tsiku limene ndinawauza Abusa zija ndinagona masiku osadzuka. Ndinati ndanena kamodzi, zatha, zapita kumene zikupita. Lero mwabwera kuti ndimuikenso kachiwiri chifukwa inu munali ndi ludzu? Chokani, bambo, mukundipondera mbatata."

Pobwerera njira yanga inadutsa kuseri kwa msika. Miyendo inakhotera yokha, ndikunena zoona. Koma m'thumba munalibe pepala ngakhale limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona bwinobwino chimene chinali pakamwa pa anthu okhala pamenepo. Aliyense anali ndi ndudu yoyera yokhala ndi timizere takuda. Ndinasanza pomwepo, ndisanamwe kanthu, kenaka ndinapita kunyumba kukauza a Nambewe.

Tsopano ndinene za kubwerera, chifukwa ena mwa inu mwabwerera zimenezo. Kunalibe mngelo, kunalibe loto. Kunali tinthu ting'onoting'ono totopetsa.

Choyamba, Abusa anasinthanitsa njinga yawo ndi mtolo wina wa mapepala kwa mphunzitsi wina amene ankathawa. Munthu wokalamba anayamba kuyenda pansi chifukwa cha ine, ndipo tsiku lililonse ndinkawaona akupapasa njira ndi ndodo. Mtolowo sanandipatse ine. Anaupereka kwa a Nambewe. Iwo ankausunga m'chitini cha ufa, n'kumanditulutsira tsamba limodzi, lopyapyala limodzi ndi kimiko. Ndikamaliza ankalandira ndi manja awiri, n'kuyeza m'mphepete ndi zala zawo zitatu, kenaka n'kutulutsa lina. Mwamuna wamkulu, wodziwa Chipwitikizi, kupemphetsa pepala kwa mkazi amene sanapite ku sikola. Zinkandiwawa, koma ndi zimene zinandisunga. Chimene umamwera usamachisunge wekha.

Makina tinawachotsa kuchipinda n'kuwaika pakhonde la tchalitchi, poyera, pamene amayi a chigwirizano ankadutsa popita kumadzi. Makinawo akasiya kulira, wina ankasuzumira n'kufunsa kuti kwagwanji. Ndinapitanso kwa mayi wa kachasu uja dzuwa lili pamutu, anthu akumva, n'kumuuza kuti ndikadzabweranso ndi pepala adziwe kuti ndaba. Anaseka, nati ambiri anatero. Sanalakwe kuseka.

Chimene sindinachiyembekeze ndi manja. Nditasiya kumwa anayamba kunjenjemera, chala chofuna chilembo a chinkagwa pa s. A revisita sankafuna zofufutafufuta, ndiye kulakwitsa kawiri katatu ndi tsamba lotayika, ndipo masamba anali owerengeka. Masiku oyamba ndinkamenya makina opanda pepala, kungoti zala zikumbuke, ndikumwa madzi otentha a mandimu mpaka m'mimba kuwawa. Fita itauma ndinkaidonthezera mafuta a nyale n'kuisiya igone. Zilembo zikatsekeka ndinkazitokosa ndi munga. Pa tsamba lililonse ndinkayamba ndaika kadontho ka pensulo pansi, posonyeza pamene ndiyenera kuima kuti kanota kakwane, chifukwa ukapitirira, kanota kamasowa malo ndipo tsamba lonse umayambiranso. Ntchito imeneyi siifuna munthu wothamanga, ndipo ine moyo wanga wonse ndinali wothamangira botolo.

Ndinagwa kamodzi, ndisakunamizeni. Panali maliro, wina anandipatsira kuseri kwa nkhokwe. M'mawa mwake ndinawauza ndekha Abusa asanamve kwa ena. Anangoti, "Ndiye lero musakhudze pepala. Mawa." Ukagwa unene msanga, bodza ndi limene limakusunga pansi.

Kwa a Nashawa ndinabwerera kangapo, akundibweza. Sindinkapempha kanthu, ndinkangothandiza kunyamula mbatata. Tsiku lina anati, "Mubwere m'mawa ndi akazi anu. Ndikamva fungo, musadzapondenso pano." Tinapita. Anayankhula akuyang'ana a Nambewe, osati ine. Ananena mmene anasitira malaya a sukulu a Dumingu asanaveke thunthu lija, ndi mmene anafunsira Mulungu kuti ngati Iye anapatsidwa mtembo wa Mwana wake n'kuuika m'manda, bwanji iwo akumanidwa ngakhale malaya. Ndinalemba liwu ndi liwu, osakometsa. Atatha anakalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo a Nambewe anakawaphikira masiku angapo. Anthu ena a m'nkhani ija sitinawapezenso. Ena anali atathawa, ena atafa. Mawu awo anapita ndi utsi, ndipo Abusa anakana kuti tipeke. Mpaka lero ndimawawerenga mayina awo mumtima.

Tisanamalize, nkhondo inalowa m'Furancungo mwenimweni. Tinathawa ndi zimene tinagwira. Ine makina pamutu, a Nambewe mapepala atawakulunga m'pulasitiki n'kuwabereka kumbuyo, Abusa atagwira mkono wa mwana wathu Rozita. Tinayenda m'tchire masiku ambiri mpaka ku Ntengo-Wambalame, kumene mkulu wina wa mpingo, woweta ng'ombe, anatipatsa khumbi pafupi ndi khola. Masamba omaliza ndinamenyera pa mtondo wovundikira, ntchentche za m'khola zikundizungulira. Abusa anali atagona pamphasa, chifuwa chitawagwira, akunena ziganizo zawo mopumira.

Titamaliza panalibenso koluna kapena namwino. Njira inali imodzi, kudutsa mapiri a Tsangano wapansi, kuoloka malire, n'kukaponya pa koreyo, positi ofesi ya ku Malawi. A Nambewe anayamba kumanga mpango kuti tipite tonse. Abusa anati ayi, apite okha a Kaitano.

"Abusa, mukusungitsa mbuzi kwa fisi," anatero a Nambewe, ine ndili pomwepo.

"Mwina. Koma simudzawagwirira pepala mpaka kumanda, mayi. Apatseni."

Anandipatsa phukusi lonse, yapamwamba ndi kopya yake yopyapyala ija, pamodzi ndi ndalama ya sitampa yomangidwa pa kansalu. Miyezi yonse ija ndinali ndisanagwirepo masamba oposa awiri nthawi imodzi.

Pa malire panali msika wa othawa nkhondo, ndipo kumene kuli anthu otopa kachasu sasowa. Fungo linandipeza ndisanaone mabotolo. Bambo wina amene tinkamwera limodzi ku Furancungo anandizindikira, n'kukuwa, "Sinyoro Kaitano! Mwatibweretsera papeli?" Anaseka, ndipo maso ake anali pa phukusi. Ndinaima. Ndisakubisireni, ndinaima nthawi yaitali, ndipo mutu wanga unayamba kale kuwerenga kuti kopya ija azungu sangaifune kwenikweni. Nzeru yomwe ija, mawu omwe aja, ngati sindinaphunzirepo kanthu. Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangoti, Ambuye, miyendo yokhayi. Ndinakumbatira phukusi pachifuwa n'kuyamba kuyenda, bambo uja akunditukwana kumbuyo kuti ndayamba kunyada.

Pa koreyo ndinamata ndekha, n'kuona ndi maso anga likugwera m'thumba la makalata. Musandifunse ngati inasindikizidwa. Pa tsamba loyamba ndinali nditamenya keyala ya tchalitchi chathu cha ku Furancungo, monga mwa lamulo, ndipo poponya sindinaganize kuti nyumbayo inali itapsa kale pa nkhondo ija. Ngati yankho linabwera, linafikira pa phulusa. Ndakhala zaka zonsezi osadziwa, ndipo ndatopa nako kudzifunsa.

Ndinafika ku Ntengo-Wambalame tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka. M'thumba ndinali ndi kapepala ka pa koreyo kotsimikiza, ndipo njira yonse ndinkakonzeka kukaonetsa, ndi kuuzira mpweya kumaso kwa aliyense wofuna kununkhiza. A Nambewe anali pakhomo la khumbi, akundiyang'ana mayendedwe. Ndinalowa n'kugwada pafupi ndi mphasa.

"Ndabwera, Abusa."

"Mwaponya?"

"Ndaponya."

"Zonse?"

"Zonse, Abusa."

Dzanja langa linali kale m'thumba. Koma iwo sanafunse kapepala, sanandiitane kuti ndisendere pafupi. Anangoti, "Zikomo, a Kaitano," n'kutembenukira kukhoma, n'kugona tulo. Munthu amene ndinamunamiza miyezi yonse ija, wosaona, anandikhulupirira pa mawu awiri. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa khola, ndipo ndinalira kuposa tsiku limene anandigwira.

Ludzu silinathe, abale. Lero m'mawa pobwera kuno ndadutsa pa msika ndipo lakhala likundiitana ndi dzina. Koma nthawi iliyonse likaitana ndimamva funso lija, zonse? Ndipo ndikufuna ndikafike tsiku langa lomaliza ndikutha kuyankha chimodzimodzi, dzanja lisanalowe m'thumba. Ambuye atigwire miyendo tonse. Ndathera pamenepa.